Manotsi aulere a nyimbo zakale pa IMSLP: mafunso ndi mayankho

Otsogolera makwaya, oimba limba m'matchalitchi ndi ophunzira nyimbo akangomva kuti pa intaneti pali potenga manotsi a Handel, Mozart ndi Bach osalipira kanthu, funso loyamba limakhala la katengedwe. Limenelo ndi lalifupi kuyankha. Mayankho ali m'munsimu akhalitsa pa nkhani ya umwini, chifukwa ndi pamene anthu osamalira laibulaleyi amathera nthawi yawo yambiri.

Kodi IMSLP n'chiyani?

Ndi laibulale ya pa intaneti yosunga manotsi a nyimbo, makamaka zakale za ku Ulaya, zomwe nthawi ya umwini wake inatha pa lamulo. Dzina lonse ndi International Music Score Library Project. Pofika kumapeto kwa 2023 inali ndi mafailo a manotsi oposa 700,000, a nyimbo zoposa 200,000, za opeka oposa 27,000. Ambiri mwa mafailowa ndi ma PDF: ena ndi masamba a mabuku akale ojambulidwa ndi sikana, ena ndi manotsi otayipidwa mwatsopano pa kompyuta. Tsambali limayendera pulogalamu ya MediaWiki, yomwe Wikipedia imagwiritsanso ntchito, ndipo aliyense wolembetsa akhoza kuikapo kapena kukonzapo kanthu.

Anaiyambitsa ndani, ndipo dzina loti Petrucci likuchokera kuti?

Anaiyambitsa ndi Edward Guo mu Febuluwale 2006, ali wophunzira pa New England Conservatory mumzinda wa Boston. Pambuyo pake anakaphunzira zamalamulo ku Harvard, ndipo mukawerenga mbiri ya laibulaleyi simudabwa nazo.

Dzina lachiwiri, Petrucci Music Library, ndi lokumbukira Ottaviano Petrucci, wosindikiza mabuku wa ku Venice. M'chaka cha 1501 iye anatulutsa Odhecaton, buku loyamba la nyimbo za mawu angapo kusindikizidwa ndi zilembo zachitsulo zochita kusanja. Kufikira nthawi imeneyo nyimbo zotere ankazikopera pamanja.

Ndi zauleredi?

Inde. Kuyambira kumapeto kwa 2015 pali umembala wolipira, koma wosalipira amatengabe mafailo. Amangodikira masekondi 15 failo isanatsike. Ena mwa odzipereka anadandaula nazo poyamba, poti ntchito anaigwira mwaulere ndipo sanafune kuti pakhale chotchinga china chilichonse. Oyendetsa tsambali anayankha kuti makompyuta osungira mafailo ochuluka chonchi safuna ndalama zochepa. Amene amathandiza kwambiri pa ntchito ya laibulaleyi amapatsidwa umembalawo osalipira.

Ndalama yeniyeni imene mungawononge ndi ya bandulo. Pambali pa failo iliyonse amalemba kukula kwake ndi kuchuluka kwa masamba. Onani kaye musanadine, chifukwa zithunzi zamitundu za zolemba pamanja zimatha kulemera kwambiri.

Handel anamwalira mu 1759. Nanga bwanji buku la Messiah lomwe kwaya yathu imagwiritsa ntchito silipezekapo?

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Nyimbo ya Messiah ndi yakaledi: Handel anaipeka mu 1741, ndipo inaimbidwa koyamba ku Dublin pa 13 Epulo 1742. Mawu ake anawasonkhanitsa kuchokera m'Baibulo ndi Charles Jennens, nayenso wa nthawi yomweyo. Palibe amene angakuletseni kuiimba. Koma buku lili m'manja mwanulo silinachoke kwa Handel mwachindunji. Pali munthu wina anakhala pansi, kufananiza zolemba zakale, kusankha pamene zikusiyana, kulemba gawo la limba lomwe Handel anangolisiya ngati mzere umodzi wa besi, ndi kuonjezera zizindikiro za pokweza ndi potsitsa mawu. Ntchito imeneyo ili ndi mwini wake. Munda ukhoza kukhala wa makolo, koma chimanga chili m'mundamo ndi cha amene analima.

Makwaya ambiri oimba m'Chingelezi amagwiritsa ntchito buku lokonzedwa ndi Watkins Shaw, lomwe kampani ya Novello inatulutsa mu 1959. Shaw anamwalira mu 1996, choncho ntchito yake ikadali yotetezedwa. Buku lina la kampani yomweyo, lokonzedwa ndi Ebenezer Prout mu 1902, ndi lomasuka, chifukwa Prout anamwalira mu 1909. Kwa oimba sopulano, aluto, tena ndi besi, manotsi a "Hallelujah" m'mabuku awiriwa sasiyana kwenikweni. Kusiyana kwakukulu kuli ku zida ndi ku zizindikiro.

Ndiye pa tsamba lililonse la nyimbo odzipereka amafunsa za anthu angapo, osati mmodzi: wopeka nyimbo, wolemba mawu, womasulira mawuwo, ndi wokonza bukulo. Mmodzi yekha mwa iwo akakhala kuti anamwalira posachedwa, failo yonse imaima. Chitsanzo chodziwika ndi Turandot, sewero loimba (opera) la Puccini. Puccini anamwalira mu 1924 asanaimalize. Anaimaliza ndi Franco Alfano, yemwe anakhala ndi moyo mpaka 1954, ndipo mmodzi mwa olemba mawu ake, Renato Simoni, anamwalira mu 1952. Kungoona chaka cha Puccini chokha kukanakusocheretsani.

Umwini umatha pakapita zaka zingati?

Zimatengera dziko lomwe muli. Ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, umwini umakhalapo moyo wonse wa wopeka ndi zaka zina 50 atamwalira. Ku Britain, ku Mozambique ndi m'maiko a European Union ndi zaka 70. Zakazi zimawerengedwa mpaka kutha kwa chaka, kotero nyimbo zimamasuka pa 1 Januwale.

Canada ndi yofunika pa nkhaniyi chifukwa laibulaleyi inayambira pa makompyuta a kumeneko ndipo imatsata lamulo lake. Kwa nthawi yaitali Canada inali pa zaka 50, koma pa 30 Disembala 2022 inasintha n'kupita pa 70. Zomwe zinali zitamasuka kale sizinabwezedwe. Stravinsky, amene anamwalira mu 1971, anapulumukira pakhomo: ndi womasuka ku Canada, pamene ku Ulaya adikira mpaka 2042. Shostakovich, wa 1975, anatsekeredwa, ndipo ku Canada adikira mpaka 2046.

America ili ndi kawerengedwe kakekake. Pa nyimbo zakale amawerenga zaka 95 kuchokera pamene zinasindikizidwa, osati pamene wopeka anamwalira. Boléro ya Ravel inasindikizidwa mu 1929, ndiye ku America inamasuka pa 1 Januwale 2025, ngakhale Ravel anamwalira mu 1937 ndipo ku Canada inali yomasuka kuyambira 1988.

N'chifukwa chake pansi pa mafailo ena mumaona chenjezo loti "Non-PD EU" kapena "Non-PD US", kutanthauza kuti failoyo si yomasuka ku European Union kapena ku America. Woimba wa ku Zomba ndi mnzake wa ku Leeds akhoza kutsegula tsamba limodzi, wina n'kukhala wololedwa kutenga failoyo, winayo ayi. Kudziwa lamulo la kwanu ndi udindo wanu, tsambali limangochenjeza.

Ndi zoona kuti tsamba la IMSLP linatsekedwapo?

Kawiri. Mu Okutobala 2007 kampani yosindikiza nyimbo ya Universal Edition ya ku Vienna inatumiza kalata kudzera mwa maloya ake, yodandaula za nyimbo zomwe zinali zomasuka ku Canada koma zotetezedwa ku Ulaya. Bartók ndi chitsanzo chabwino cha mpata umenewu: anamwalira mu 1945, ku Canada anamasuka mu 1996, ku Ulaya mu 2016. Guo anali wophunzira wopanda ndalama zolimbanira milandu, ndipo pa 19 Okutobala anatseka tsamba lonse. Linatsegulidwanso pakati pa 2008, odzipereka atayang'ananso mafailo ndi kukhwimitsa njira yopimira umwini.

Kachiwiri kanali ka nthawi yochepa. Mu Epulo 2011 bungwe la osindikiza nyimbo la ku Britain, Music Publishers Association, linadandaula kwa GoDaddy, kampani yomwe inalembetsa adiresi ya tsambali, za nyimbo ya Rachmaninoff yotchedwa The Bells, ndipo adiresi ya tsambali inazimitsidwa. Dandaulolo linachotsedwa posakhalitsa ndipo tsamba linabwerera.

Anthu ena amati opima umwini a pa IMSLP ndi ovuta mopitirira. Ine sindikuona choncho. Amene anaonapo ntchito yawo yonse ikuzima chifukwa cha kalata imodzi ali ndi chifukwa chokhalira osamala.

Odziperekawo amagwira ntchito yanji kwenikweni?

Yooneka kwa aliyense ndi kujambula masamba. Wina ali ndi buku lakale kunyumba kapena walibwereka, amalijambula tsamba ndi tsamba, kawirikawiri pa 600 dpi (timadontho 600 pa inchi iliyonse), lakuda ndi loyera basi, kuti mizere yopyapyala isaduke komanso failo isaleme. Kenako amaongola masamba opendekera, kufufuta madontho ndi zolemba za pensulo za mwini buku wakale. Mafailo ambiri amachokeranso ku malaibulale akuluakulu omwe anajambula okha mabuku awo: Sibley Music Library ku Rochester, Gallica ya laibulale yaikulu ya dziko la France, ndi malaibulale a ku Dresden ndi Munich. Pamenepo ntchito ya wodzipereka ndi kugawa buku lalikulu kuti nyimbo iliyonse ipite pa tsamba lake.

Ntchito yosaoneka, koma yomwe ine ndimaiyesa yaikulu, ndi kupeza chaka. Mabuku ambiri a nyimbo a m'zaka za m'ma 1800 alibe chaka chosindikizira. Chomwe ali nacho ndi kanambala kakang'ono pansi pa tsamba lililonse. Kalelo manotsi ankawazokota chobwerera pa mbale zachitsulo, ndipo kampani inkadinda nambala imodzi pa mbale zonse za nyimbo imodzi kuti zisasokonekere mosungira. Popeza manambalawo ankapita motsatana, amathandiza kudziwa nthawi. Odzipereka apanga mindandanda yaitali ya manambala a Breitkopf & Härtel, Peters, Schott, Ricordi ndi makampani ena, n'kumaifananiza ndi mabuku a Hofmeister, omwe kuyambira 1829 ankalengeza mwezi ndi mwezi nyimbo zatsopano zosindikizidwa m'maiko olankhula Chijeremani.

Pali vuto linanso. Makampani ngati Dover ndi Kalmus akhala akusindikizanso mabuku akale a ku Ulaya ndi chikuto chatsopano. Buku looneka la 1985 likhoza kukhala chithunzi chabe cha buku la 1885, ndipo likatero manotsi ake ndi omasuka. Chofunika kuchotsa ndi chikuto, chizindikiro cha kampani ndi mawu oyamba atsopano. Kuti munthu azindikire zimenezi amayang'ana kaumbidwe ka manotsi, kasanjidwe ka masamba ndi zolakwa zofanana. Ndi ntchito ya maso ndi kuleza mtima, ndipo palibe amene amaiombera m'manja.

Failo ikaikidwa, gulu la opima umwini limaiyang'ana ndi kulemba ngati ili yomasuka ku Canada, ku America ndi ku Ulaya. Yosaloledwa amaitseka kapena kuichotsa.

Nyimbo imodzi ili ndi mafailo ambirimbiri. Ndisankhe iti?

Yambani ndi kusaka bwino. Opeka amalembedwa dzina la bambo poyamba, monga "Handel, George Frideric", ndipo nambala ya nyimbo imafulumizitsa: Messiah ndi HWV 56, Ave verum corpus ya Mozart ndi K.618. Pa tsamba la nyimbo mafailo amagawidwa. "Full Scores" ndi za wotsogolera amene akufuna kuona zida zonse. "Parts" ndi za woimba chida chimodzi. Kwaya imafuna "Vocal Scores", momwe muli mawu anayi ndi limba.

Chenjezo limodzi kwa okonda Bach. Mabuku a nyimbo za Bach a bungwe la Bach-Gesellschaft, omwe anayamba kutuluka mu 1851 n'kutenga pafupifupi zaka 50 kuti athe, onse alipo ndipo ndi chuma. Koma sopulano, aluto ndi tena analembedwa ndi makiyi akale a C (zizindikiro za kumayambiriro kwa mizere, clef m'Chingelezi), omwe oimba ambiri a lero sawawerenga. Mukapatsa kwaya mapepala amenewo, pulakatisi yonse ithera kuwerenga mizere. Sankhani lotayipidwa mwatsopano, lakalelo mulisunge lofananizira.

Kwaya yathu imawerenga sol-fa. Tipindulapo chiyani?

Pafupifupi zonse za pa IMSLP zili m'manotsi a pa mizere isanu. Sol-fa imene makwaya athu anazolowera inachokera ku England: anaiyamba ndi Sarah Glover wa ku Norwich, John Curwen n'kuikonza ndi kuifalitsa, ndipo kuno inabwera ndi amishoni. Ku Ulaya komweko inachepa mphamvu, choncho odzipereka ambiri a kumeneko saiganizira.

Njira ndi yoti mmodzi wa inu amene amawerenga zonse ziwiri asandutse. "Hallelujah" ndi poyambira pabwino: ili mu D, ndiye doh ndi D, ndipo siisochera kutali ndi kwawo. Ave verum corpus ndi yaifupi, mabala 46 okha, nayonso mu D, koma musaipeputse. Pakati imapita ku A kenako kukhudza F, ndipo wosandutsa ayenera kusankha bwino posinthira doh kuti oimba asamire m'ma fe ndi ma ta. Mukatayipa nyimboyo mu MuseScore, pulogalamu yaulere, kompyuta imatha kuliza liwu lililonse palokha, zomwe zimathandiza a aluto ndi a tena kuphunzirira kunyumba pa foni.

Sol-fa imene mwalemba kuchokera ku buku lomasuka ndi ntchito yanu. Imene mwalemba kuchokera ku buku la Watkins Shaw yatengako za mwini wake.

Tingachite fotokope, kuimba pa konsati, kapena kujambula nyimbo?

Ngati failo ndi yomasuka m'dziko lanu, kuchulukitsa mapepala a kwaya yonse ndi kuimba palibe choletsa. Yotayipidwa mwatsopano imakhala ndi chilolezo cha Creative Commons, chomwe mwini ntchito amapereka kwa anthu onse n'kunena zomwe angachite nayo. Werengani kuti ndi chiti, chifukwa zina zimafuna kutchula dzina la wotayipa, zina zimaletsa malonda. Nyimbo yojambulidwa ndi gulu lina ili ndi umwini wakewake ngakhale wopeka atakhala wa m'ma 1700, ndiye musaike kuimba kwa kwaya ya ku London pansi pa vidiyo yanu poganiza kuti Handel sadandaula. Ngati mukufuna kugulitsa zomwe mwajambula ku Malawi, funsani a COSOMA, bungwe loyang'anira umwini wa zaluso.

Kodi muli nyimbo za anthu akuda? Nanga nyimbo za makolo athu?

Zilimo, ngakhale n'zochepa poyerekeza ndi za Ajeremani ndi Ataliyana. Mupezamo Joseph Bologne, Chevalier de Saint-Georges, wobadwira ku Guadeloupe, katswiri wa vayolini ku Paris m'nthawi ya Mozart. Mupezamo Scott Joplin. Mupezamonso Samuel Coleridge-Taylor wa ku London, amene bambo ake anali a ku Sierra Leone. Nyimbo yake ya makwaya, Hiawatha's Wedding Feast ya 1898, inagulidwa kwambiri ku Britain, koma iye anali atagulitsa umwini wake wonse kwa osindikiza pa magine 15 okha (ndalama zakale za ku Britain), ndipo anamwalira mu 1912 ali ndi zaka 37, banja lake lili pa mavuto a ndalama. Amene amati malamulo a umwini ndi opanda pake aziikumbukira nkhani imeneyi.

Za makolo athu ndi nkhani ina. Poti wopeka sadziwika, anthu amaganiza kuti nyimbo za chinamwali, za pamtondo kapena za gule ndi za aliyense. Lamulo la Malawi silitero: umwini wa zaluso za makolo linauika m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse, ndipo sutha ndi zaka. Musanaike pa intaneti nyimbo zotere ndi chilolezo choti dziko lonse lichite nazo zomwe lifuna, funsani kaye. Ndipo ngakhale lamulo litalola, pali nyimbo zina zomwe eni mwambo safuna kuti zituluke kunja.

Ndimapeka nyimbo. Ndingaikepo zanga?

Mungathe. Opeka amoyo ambiri amaikapo nyimbo zawo ndi chilolezo cha Creative Commons. Ganizani kawiri musanatero, chifukwa chilolezochi sichibwezedwa: amene watenga nyimboyo pa chilolezocho apitiriza kuigwiritsa ntchito ngakhale inu mutasintha maganizo. Ngati mawu ake analemba ndi munthu wina, kapena munasayinirana kale ndi bungwe loyang'anira umwini, yambani mwakambirana nawo.

Palinso malaibulale ena ngati ameneyu?

Kwa makwaya, wofunika kwambiri ndi Choral Public Domain Library, kapena CPDL, yomwe Rafael Ornes anayambitsa mu 1998. Kumeneko zambiri ndi zotayipidwa mwatsopano, zopepuka, m'makiyi a masiku ano, ndipo nthawi zambiri pamakhala mawu a nyimbo, kumasulira kwake ndi failo yomvetsera. Mutopia imasunga manotsi otayipidwa ndi pulogalamu ya LilyPond. OpenScore, yomwe inayamba mu 2017 mogwirizana ndi MuseScore ndi IMSLP, imasandutsa zithunzi za masamba kukhala manotsi oti kompyuta iwerenge, ndipo odzipereka ake atayipa kale nyimbo za liwu limodzi ndi piyano zoposa 1,000. Phindu lake lina ndi loti manotsi otere amatha kusandutsidwa zilembo za Braille; PDF ya chithunzi ilibe ntchito kwa woimba wosaona. Nkhokwe yakale ya Werner Icking Music Archive inaphatikizidwa mu IMSLP.

Ndilibe sikana kapena mabuku akale. Ndingathandize bwanji?

Kulembetsa n'kwaulere, ndipo ntchito zambiri sizifuna chida china koposa kompyuta. Mukhoza kutayipa nyimbo yaifupi yomwe ilipo m'chithunzi chosawerengeka bwino. Mukhoza kupatula magawo a zida kuchokera m'buku la wotsogolera, zomwe mabandi a malipenga ndi timagulu ta m'sukulu timasowa kwambiri. Mukhoza kulemba manambala a masamba, kulumikiza nyimbo ndi wolemba mawu ake, kapena kudzaza chaka chosowa ngati muli ndi umboni.

Kwa ife pali mpata umene ena sangaudzaze. Nyimbo zachilatini ndi zachijeremani zomwe makwaya athu amaimba zilibe kumasulira kwa Chichewa komwe woimba angaone tanthauzo la zomwe akutchula. Amene angamasulire yekha mawu a Ave verum corpus, n'kuwapereka mwaufulu ku CPDL, wathandiza makwaya a ku Lilongwe, Chipata ndi Tete nthawi imodzi. Akhale mawu anuanu, osati okopera m'buku la nyimbo la mpingo, chifukwa omasulira a mabuku amenewo nawonso ali ndi umwini wawo.

Yambani ndi kanthu kakang'ono, ndipo werengani malangizo a kalembedwe ka mitu musanatsegule tsamba latsopano. Cholakwa chofala cha obwera kumene ndi kuyambitsa tsamba la nyimbo yomwe ilipo kale pa dzina lina.

Ndapeza noti yolakwika. Nditani?

Yambani mwatsimikiza kuti ndi yolakwikadi. Tsegulani buku lina la nyimbo yomweyo, makamaka lakale kuposa limene muli nalo, kapena zolemba pamanja za wopeka ngati zilipo, muone bala lomwelo. Nthawi zina chomwe khutu likukana ndi chomwe wopeka anafuna, ndipo wokonza wina wa m'ma 1800 ndi amene anachisalaza m'buku lomwe munazolowera.

Ngati cholakwacho chili m'failo yotayipidwa, lemberani wotayipayo pa tsamba lake la zokambirana, mutchule bala, liwu, noti yomwe ilipo ndi yomwe mwapeza m'buku linalo. Ambiri amakonza n'kuika failo yatsopano. Ngati chili m'chithunzi cha buku lakale, manotsi ake sasinthidwa, chifukwa failoyo ndi umboni wa zomwe zinasindikizidwa chaka chimenecho. Lembani zomwe mwapeza pa tsamba la zokambirana la nyimboyo, ndipo pa mapepala a kwaya yanu konzani ndi pensulo musanapite nawo ku fotokope.